Batire Lakutha Kuseri kwa Nyumba: Zinyalala za Zipangizo Zamagetsi ndi Umoyo wa Ana ku Chiradzulu

Mlangizi wa zaumoyo akafika pakhomo amadziwa zoti ayang'ane: chimbudzi ndi chivundikiro chake, mpondagiya, thandala la mbale, dzenje la zinyalala, neti yogonamo. Pali chinthu china chimene masiku ano chili pafupifupi pakhomo lililonse m'boma la Chiradzulu koma sichinalembedwe pa mndandandawo. Ndi batire la sola limene linasiya kusunga moto, tochi yosweka, foni yakufa, babu lopsa ndi mabatire ang'onoang'ono a wailesi amene angoti mbwee kuseri kwa nyumba. Zonsezi ndi zinyalala za zipangizo zamagetsi. Sizinunkha, siziitana ntchentche, ndipo n'chifukwa chake anthu saziopa. Koma zina mwa izo zili ndi poizoni amene amakhala m'nthaka kwa zaka zambiri, pamalo omwewo pamene ana amaseweretsa dothi.

Kukula kwa vutoli

Lipoti la Global E-waste Monitor la 2024, lomwe analemba mabungwe a ITU ndi UNITAR a United Nations, linapeza kuti m'chaka cha 2022 dziko lonse lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi. Mwa zimenezi, 22.3 peresenti yokha ndiyo inalembedwa kuti inatoleredwa ndi kukonzedwanso m'njira yoyenera. Lipotilo likuyembekezera kuti pofika 2030 chiwerengerochi chidzafika matani 82 miliyoni. Munthu wa ku Africa amataya zochepa, pafupifupi makilogalamu 2.5 pachaka, pomwe wa ku Ulaya amataya makilogalamu oposa 17. Komabe ku Africa zosakwana 1 peresenti ndizo zimafika m'manja mwa okonzanso ovomerezeka. Zotsalazo zimathera pa dzala, m'chimbudzi, pamoto kapena kwa amisiri ophwanya ndi manja.

Zithunzi zotchuka za vutoli n'za ku Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, kumene anyamata ankawotcha milu ya mawaya kuti apeze kopa mpaka boma linagumula malowo mu 2021. Ku Chiradzulu kulibe milu yotero. Zinyalala za kuno n'zazing'ono ndipo zamwazika khomo ndi khomo. Kalembera wa 2018 anawerenga anthu 356,875 m'bomali, kutanthauza anthu oposa 450 pa sikweya kilomita imodzi. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Malo ndi ochepa, moti dzala, dimba, khola la nkhuku, chitsime ndi bwalo losewererapo ana zimakhala moyandikana. Chotayidwa kuseri kwa nyumba sichipita kutali.

Kalembera yemweyo anasonyeza kuti mabanja oposa theka m'Malawi amawunikira matochi a mabatire, ndipo pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse ndiwo amawunikira magetsi a ESCOM. Kuyambira nthawi imeneyo masola afala kwambiri kumidzi. Zimenezi zathandiza: ana akuwerenga usiku opanda utsi wa koloboyi, mafoni akutchajidwa pakhomo, malo ometera ndi oonetsera kanema atsegulidwa m'misika ngati Namitambo, Mbulumbuzi ndi Namadzi. Koma sola iliyonse imabwera ndi batire, ndipo batire lililonse limatha.

Zimene zili m'kati mwa zipangizozi

Batire lalikulu la asidi, la galimoto kapena la sola, ndilo loopsa kuposa zonse. Kulemera kwake kwambiri kumachokera ku mtovu, ndipo madzi ake ndi asidi amene amawotcha khungu ndi maso. Bungwe la World Health Organization likuti pafupifupi 85 peresenti ya mtovu wonse umene dziko lapansi limagwiritsa ntchito umapita ku mabatire otere.

Mabatire ang'onoang'ono a tochi ndi wailesi ali ndi zinc ndi ufa wakuda wa manganese, ndipo ena otsika mtengo amakhalanso ndi mtovu, cadmium kapena mercury pang'ono. Akachita dzimbiri amatuluka madzi n'kumwaza ufawo. Ana amakonda kuwaswa kuti atenge kamtengo kakuda ka pakati kolembera, ndipo akuluakulu ena amasakaniza ufawo ndi dothi lozirira pansi kapena kudetsera bolodi.

Mababu ozungulirazungulira osunga magetsi ndiponso machubu aatali ali ndi mercury. Amatuluka ngati mpweya wosaoneka babu likasweka. Mawailesi akanema akale a msana waukulu ali ndi mtovu wochuluka m'galasi lake. M'mafoni, m'mawailesi ndi m'mainiveta muli timabolodi tobiriwira tolumikizidwa ndi mtovu, ndipo mapulasitiki ake ambiri anathiridwa mankhwala oletsa kugwira moto. Mawaya amakutidwa ndi pulasitiki ya PVC, imene ikawotchedwa imatulutsa ma dioxin, mankhwala amene amaunjikana m'mafuta a m'thupi ndipo amadziwika kuti amayambitsa khansa. Mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'mapawabanki akatupa, akabooledwa kapena kuponyedwa pamoto amatha kuphulika.

Lipoti la World Health Organization la 2021 lonena za ana ndi zinyalalazi linati kuphwanya ndi kuwotcha zipangizo zamagetsi kungatulutse mankhwala owononga thupi oposa 1,000. Wogwira ntchito m'mudzi sangawaloweze onse. Akagwira bwino nkhani ya mtovu, wagwira gawo lalikulu la vutoli.

Zimene ofufuza anapeza m'Malawi muno

Ofufuza a pa University of Manchester motsogozedwa ndi Christopher Kinally anayendera ogulitsa, ogwiritsa ntchito ndi okonza masola m'madera opanda magetsi a ku Lilongwe, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2023 ndi 2024. Anapeza kuti mabatire ambiri amafa chaka chimodzi chisanathe, pomwe amayenera kukhala zaka zitatu mpaka zisanu. Zifukwa zake ndi mabatire osalimba, masola olumikizidwa popanda kachipangizo koteteza batire, ndiponso kugwiritsa ntchito batire mpaka litatheratu moto tsiku ndi tsiku.

Batire likafa silitayidwa chifukwa lili ndi mtengo. Ogula zitsulo zakutha amalitenga, ndipo amisiri ena amalitsegula ndi zikwanje, kukhuthulira asidi pansi, kusungunula mtovu pa mbaula ya makala n'kuumbanso batire lina. Ntchitoyi imachitikira pamsika kapena pakhomo, anthu akudutsa, zakudya zikugulitsidwa pafupi. Ofufuzawo anawerengera kuti batire limodzi lokonzedwa motere limamwaza makilogalamu 3.5 mpaka 4.7 a mtovu, womwe ndi wochuluka kuposa ka 100 mlingo umene ungaphe munthu wamkulu ataumeza. Batire lokonzedwalo nalonso silikhalitsa, choncho limabwereranso kwa mmisiri ndipo mtovu wina umamwazikanso.

Kafukufukuyu anachitikira ku Lilongwe, koma mtundu wa katundu ndi kagulitsidwe kake n'zofanana ndi zimene zili ku Chiradzulu. Bomali lili pakhomo penipeni pa Limbe, kumene masola, mabatire ndi mafoni akaunjika amagulidwa, ndiponso kumene zitsulo zakutha zimakagulitsidwa. Pamsewu wa Zomba, umene anthu a ku Njuli ndi Mbulumbuzi amadutsa popita mtauni, pali dzala lalikulu la Mzedi kumene zinyalala za mzinda wa Blantyre zimatayidwa mosasankhula, ndipo anthu amatolako zoti akagulitse.

Njira zimene poizoni amadutsa

Njira yoyamba ndi nthaka. Mtovu suwola. Ukagwera pansi umakakamira dothi la pamwamba, ndipo m'chilimwe umauluka ndi fumbi n'kulowa m'nyumba, kugwera pa ufa woyanikidwa pamphasa ndi pa ndiwo zosavundikira. Chitsanzo chapafupi ndi tauni ya Kabwe ku Zambia. Mgodi wa mtovu kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka pano ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi chifukwa cha dothi ndi fumbi. Mgodi si batire, koma chitsulo chake ndi chimodzimodzi.

Njira yachiwiri ndi madzi. Asidi wokhuthulidwa pansi amasungunula zitsulo n'kuzithandiza kuyenda ndi madzi a mvula kupita kudambo, m'madimba ndi m'zitsime zosaya. Ena amaponya mabatire akutha m'chimbudzi poganiza kuti chichedwa kudzaza. Chimbudzi chikakhala pafupi ndi chitsime, kapena chikagwa m'nyengo ya mvula, zonse zimene zinali m'menemo zimatuluka. Anthu a ku Chiradzulu anaona mphamvu ya madzi m'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Ntauchira. Madzi otero amanyamula madzala ndi zimbudzi n'kukazisiya m'minda ya anthu ena kumunsi. Klorini ndi kuwiritsa zimapha tizilombo ta kolera, koma sizichotsa mtovu m'madzi.

Njira yachitatu ndi utsi. Mabanja ambiri amawotcha zinyalala dzenje likadzaza, ndipo tochi, chaja ndi mabatire zimapsera limodzi ndi masamba. Anyamata osaka kopa amawotcha mawaya. Utsiwo amapuma ndi onse a pakhomopo, ndipo phulusa lotsala nthawi zina limathiridwa m'dimba ngati manyowa kapena kuikidwa pachimbudzi posambira m'manja.

Njira yachinayi ndi chakudya. Nkhuku zimatola chakudya pa dzala ndi paphulusa, ndipo ma dioxin ndi mtovu zimatha kulowa m'mazira. Masamba ngati mpiru, chisoso ndi nkhwani olimidwa pafupi ndi malo ophwanyira mabatire amagwira fumbi. Mapoto oumbidwa ndi zitsulo zakutha zosakanikirana amathanso kutulutsa mtovu pophika, makamaka ndiwo za tomato wambiri.

Njira yachisanu ndi thupi la wogwira ntchito. Bambo wokonza mabatire akaweruka amabwera ndi fumbi m'zovala, m'nsapato, m'tsitsi ndi m'zikhadabo. Amanyamula mwana, mayi amachapa zovalazo pamodzi ndi za banja lonse, ndipo poizoni wafika m'nyumba imene mulibe batire ngakhale limodzi.

Chifukwa chake ana ndi amayi oyembekezera ali patsogolo

Mwana wamng'ono amakwawa, amaika zala ndi zinthu m'kamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Ubongo wake ukadali kukula. Mwana amene akusowa ayironi ndi kashiamu m'thupi amayamwa wochuluka kuposa pamenepo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015–16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo 63 pa 100 a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi magazi ochepa. Ana ambiri a kuno amakumana ndi mtovu matupi awo ali ofooka kale.

Palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Malangizo a World Health Organization a 2021 akuti munthu akapezeka ndi mamaikulogalamu 5 kapena kuposa pa desilita imodzi ya magazi, gwero la mtovuwo lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Lipoti la UNICEF ndi Pure Earth la 2020 linayerekezera kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana okwana pafupifupi 800 miliyoni, ali pa mlingo umenewo kapena kupitirira. Mtovu wochepa sudwalitsa moonekera. Umachepetsa nzeru, umachititsa mwana kusakhazikika m'kalasi ndi kusamva bwino, ndipo zowonongeka muubongo sizibwereranso. Mphunzitsi amangoona mwana wobwereza kalasi, makolo n'kumati ndi waulesi.

M'magazi mtovu umakhala pafupifupi mwezi umodzi kuti uchepe ndi theka, koma m'mafupa umasungika zaka makumi angapo. Mtsikana amene anaumeza ali wamng'ono akadzakhala woyembekezera, mafupa ake amautulutsa pamodzi ndi kashiamu ndipo umafika kwa mwana wosabadwa. Umawonjezera chiopsezo chopita padera, kubereka masiku asanakwane, mwana wochepa sikelo ndi kuthamanga kwa magazi. Amayi ambiri oyembekezera amalakalaka kudya dothi, choncho funso loti dothilo akulitenga kuti ndi lofunika pa sikelo. Kwa akuluakulu onse, mtovu umakweza kuthamanga kwa magazi ndi kuwononga impso.

Phunziro la ku Senegal

Pakati pa Novembala 2007 ndi Malichi 2008, ana 18 anamwalira m'dera la Thiaroye-sur-Mer kunja kwa mzinda wa Dakar. Ankasanza, kukomoka ndi kuchita ngati akhunyu, ndipo poyamba palibe ankadziwa choyambitsa. Anthu a m'deralo anali ataphwanya mabatire kwa zaka zambiri. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kusefa mchenga kuti atolemo tizidutswa togulitsa, ena akuchitira m'nyumba ana ali pambali. Akatswiri atayeza anthu 81, kuphatikizapo abale ndi amayi a ana omwalirawo, onse anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Ku Chiradzulu, mwana wokomoka ayenera kuyezedwa malungo ndi kutumizidwa kuchipatala msanga monga mwa nthawi zonse. Koma ngati malungo sakupezeka, ngati magazi akuchepa mobwerezabwereza, ngati mwana akudandaula m'mimba ndi kudzimbidwa kosatha, wasiya kuchita zimene ankatha kale, kapena ana angapo a khomo limodzi akudwala mofanana, funso limodzi lingatsegule njira: kodi pakhomopo kapena pafupi pali amene amakonza mabatire, kuwotcha mawaya kapena kusunga zitsulo zakutha? Yankho lake lilembedwe m'buku la kuchipatala la mwanayo ndi m'kalata yomutumizira, kuti a pachipatala chachikulu cha boma kapena a ku Queen Elizabeth Central Hospital aliganizire. Mtovu umatsimikizika poyeza magazi basi. Mankhwala ouchotsa m'thupi alipo ndipo amaperekedwa ndi madokotala kwa odwala kwambiri, koma sathandiza ngati mwana abwerera kufumbi lomwelo.

Zimene malamulo akunena

Malawi ali m'pangano la Basel loletsa kutumizirana zinyalala zoopsa pakati pa mayiko mwachisawawa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority, MEPA, limene limapereka ziphaso kwa osunga, onyamula ndi okonza zinyalala zoopsa. Bungwe la MACRA lagwira ntchito ndi ITU pokonza ndondomeko ya dziko yoyendetsera zinyalala za zipangizo zamagetsi. Mfundo yaikulu m'ndondomeko zotere ndi yoti woitanitsa ndi wogulitsa katundu akhale ndi udindo womutolera akatha ntchito. Kufikira malo otolera atafika m'misika ya kumidzi, chitetezo cha mwana chili m'manja mwa banja, mfumu, komiti ya zaumoyo ndi mlangizi.

Zimene alangizi ndi odzipereka angachite

Uthenga wa pakhomo ndi waufupi: chipangizo chakutha chisaswedwe, chisawotchedwe, chisanyowe, ndipo ana asachifikire. Batire la asidi lisungidwe lathunthu, choimirira, zotsekera zili pomwepo, pamalo ouma osagonamo anthu ndiponso kutali ndi chakudya. Pogula latsopano, banja lifunse wogulitsa ngati amalandira lakale. Mabatire ang'onoang'ono aikidwe m'chigubu chotseka chimene sichidzagwiritsidwanso ntchito ya madzi kapena chakudya. Asaponyedwe m'chimbudzi kapena pamoto, ndipo ufa wake usazirire nyumba. Chigoba cha batire chisasanduke chomwera nkhuku kapena chosungira mbewu.

Kutalikitsa moyo wa batire nakonso ndi kuteteza umoyo. Sola yolumikizidwa ndi mmisiri wodziwa, yokhala ndi kachipangizo koteteza batire, komanso yosalemetsedwa ndi zipangizo zambiri, imasunga batire zaka zingapo. Banja limapulumutsa ndalama ndipo mabatire ofika kwa ophwanya amachepa.

Amisiri okonza mafoni, mawailesi ndi mabatire ndi anthu ofunika, chifukwa chipangizo chokonzedwa sichitayidwa. Kuwaopseza kumangochititsa kuti ntchitoyo isamukire kuseri kwa nyumba kumene kuli ana. Chothandiza ndi kukhala nawo pansi pamodzi ndi komiti ya msika. Ntchito ya mabatire isachitikire pakhomo, pafupi ndi ogulitsa zakudya, pasukulu kapena pamjigo. Ana ndi amayi oyembekezera asagwire nawo. Mmisiri asadye kapena kusuta akugwira ntchito, asambe ndi sopo asanapite kunyumba, ndipo zovala ndi nsapato zantchito zitsale kuntchito n'kuchapidwa pazokha. Mawaya asendedwe ndi mpeni m'malo mowotcha. Malo amene mtovu ukusungunulidwa adziwitsidwe kwa woyang'anira ukhondo wa pachipatala chaching'ono, amene angafikitse nkhaniyo ku ofesi ya zaumoyo ndi ya zachilengedwe kukhonsolo.

Kumene kwachitika kale ntchito yotere, ana asasewerepo ndipo pasalimidwe ndiwo. M'nyumba zoyandikana, pansi pawazidwe madzi asanasese, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Zakudya za magulu asanu ndi limodzi, makamaka usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, nyemba, masamba obiriwira ndi zipatso, zimathandiza thupi kuyamwa mtovu wochepa, ngakhale sizilowa m'malo mochotsa gwero lake.

Pali ngozi zitatu zofuna changu. Asidi akagwera pakhungu kapena m'maso, atsukidwe ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 20, kenako munthuyo apite kuchipatala. Mwana akameza kabatire kozungulira konga batani, ka m'wotchi kapena m'zoseweretsa, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo osamusanzitsa, chifukwa kakakakamira kum'mero kamatha kuwotcha m'maola awiri okha. Babu la mercury likasweka, anthu atuluke, mazenera ndi zitseko zitsegulidwe kwa mphindi 15, ndipo zidutswa zitoleredwe ndi katoni ndi kansanza konyowa n'kutsekeredwa m'botolo.

Zipatala nazo zimatulutsa zinyalala zimenezi: mabatire a sola, mafiriji a katemera akufa, mafoni ndi matabuleti a ntchito, zoyezera kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi zokhala ndi mercury. Zisalowe m'ng'anjo yowotchera zinyalala za chipatala kapena m'dzenje. Zilembedwe m'kaundula, zisungidwe m'chipinda chokhoma, ndipo ofesi yoyang'anira katundu wa chipatala ya pa boma idziwitsidwe.

Chomaliza ndi kuwerenga. Mlangizi aliyense amadziwa makomo a m'dera lake. Akawonjezera mizere itatu m'buku lake, ya makomo amene ali ndi batire la asidi, kumene batire lomaliza linapita, ndi malo amene mabatire amatsegulidwa kapena mawaya amawotchedwa, ofesi ya zaumoyo ya boma ingakhale ndi chithunzi cha dera lonse m'miyezi yochepa. Chithunzi chimenecho ndicho chingasonyeze misika yofunika malo otolera, ndiponso midzi imene ana ake ayenera kuyamba kuyezedwa magazi.